Madzi Otentha a Apongozi

Ana anga, za ubwana wanga ndidzakuuzani pakamwa mukadzabwera ndi zidzukulu. Muno ndikufuna ndilembe za ntchito, ndiponso ndimuyankhe Tamanda amene wakhala akundifunsa chifukwa chake kachitsulo kadzimbiri kamakhala m'kabati ya galasi pamodzi ndi makapu a alendo. Mayi anu ayesapo kangapo kukataya, ine n'kukatola m'bini. Mukawerenga izi mudzandiikira kumbuyo.

1974

Ndinafika ku Canada kumayambiriro kwa chaka chimenechi, kutsatira mayi anu, a Esnati, amene anali atapeza ntchito ya unamwino pachipatala china ku Mississauga. Ine ku Blantyre ndinkakonza mapaipi ndi mbaula za gasi m'makhitchini a mahotela, ndiye nditafika ndinayenda m'magalaja kufunsa ngati alipo wofuna munthu wodziwa gasi. Amene anandilandira ndi bambo Stefano, mkulu wamfupi wa ku Italy, wolankhula ndi manja onse awiri ngati akuingitsa nkhuku. Galaja yawo inkakonza magalimoto okhala ngati nyumba, aja amati motahomu. Tsiku limene ndinalowa koyamba m'galimoto yotere ndinangoti kukamwa yasa. Bedi momwemo, mbaula momwemo, firiji, chimbudzi, mpaka bafa lotulutsa madzi otentha. Ndinaseka mpaka misozi. Kwathu munthu amamanga nyumba kuti akhazikike, kuno anthu ali nazo kale nyumba koma akugula ina yoti azithawa nayo.

A Stefano sanafunse mapepala. Anandipatsa kapu ya madzi asopo n'kundiuza kuti ndipeze pamene gasi akutulukira m'galimoto ina. Ndinapapeza ndi mphuno ndisanapake ndi sopo yemwe. Anandimenya paphewa nati, "Pano bwana wako woyamba ndi mphuno yakoyo. Ine ndine wachiwiri." Ndinayamba ntchito tsiku lomwelo, ndipo ndinapita kunyumba ndikuimba m'basi.

Zaka zimenezo mafuta anali atakwera, ndipo olemera a ku Oakville anayamba kuimika magalimoto awo akumwa mafutawo kuseri kwa nyumba. Makampani ena opanga zipangizo anatseka, moti tinkakhalira kugwejula zitsulo m'magalimoto akufa kuti tidzutse amoyo. Katswiri wa zimenezi anali mnzanga Reg, mzungu wa kum'mawa kunyanja, wamanja abwino ndi mtima wabwino, koma wokonda njira zachidule. Anandiphunzitsa kuyendetsa pa sinowo, ine ndinamuphunzitsa kudya tsabola. Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse koma chakudya chamasana tinkadyera pamodzi.

1976, mwezi wa Ogasiti

Mayi anu anali ndi pakati poyamba, ndipo mawu anatipeza akuti amayi awo, a NaChisale a ku Dedza, abwera kudzawathandiza. Mayi anu anavina m'khitchini ndi mimba yonseyo. Inenso ndinasangalala, koma chisangalalo changa chinali ndi minga. Inu amene munabadwira kuno muyenera kumvetsa bwino apa. Kwathu mwamuna akakwatira amapita kwa mkazi, namanga nyumba pamudzi pa apongozi ake, kuti aone ngati ali ndi manja. Ine sindinamange. Titangokwatirana mkazi anakwera ndege, ine pambuyo. Ndinkadziwa zimene apongozi ankanena pamudzi: "Mkamwini wake uti, wopanda ndi khola lomwe pano?" Mawu amenewa ankandilasa, chifukwa sanali abodza.

Kuwonjezera apo, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana maso, sadyera pamodzi, ndipo salankhulana mwachindunji mpaka atachita mwambo wolowana. Mukakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Tsono ife tinkachita lendi m'chipinda chapansi pa nyumba ya banja lina, chogona chimodzi, bafa limodzi, masitepe opapatiza oti anthu awiri sangapatukirane. Nanga pamasitepe amenewo tchire ndikanalipeza kuti?

Ndinawafotokozera a Stefano nthawi ya tiyi. Reg anaseka mpaka kutsamwa, nati akanakonda mwambo woterewu ukanafika kwawo. Koma a Stefano sanaseke. Anati kwawonso apongozi si munthu wosewera naye. Anaimirira, n'kunditengera kuseri kwa galaja kumene kunali motahomu yakale imene anagula kwa munthu wina wa ku Oakville kuti azichotsamo zipangizo. "Ikonze," anatero. "Ukaimike pakhomo pako mpaka amayiwo adzapite. Sunamange kwawo, ukamange kuno."

Ana anga, sindinagwirepo ntchito ndi mtima wonse ngati masabata amenewo. Ndikaweruka ndinkalowa m'galimoto ija, kupala, kupenta, kusintha mapaipi, kupha nkhungu. Eni nyumba imene tinkakhala anavomera kuti ndiimike pambali pa nyumba ndi kukokamo magetsi, ndipo ndinaikamo kahita kamagetsi kothamangitsa mphepo. Mayi anu anasoka makatani a zitenje. Chimene ndinkanyadira koposa chinali kagiza kotenthetsa madzi. Mlendo kwathu amalandiridwa ndi madzi osamba otentha, ndipo ine ndinkaona kale m'maganizo apongozi akupotokola mpopi, nthunzi ikuti tolo, iwo n'kunena chamumtima kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

1976, mwezi wa Seputembala

Kagizako ndinakasiyira kumapeto chifukwa kunja kankaoneka bwino. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Kutatsala pang'ono kuti ndege ifike, ndinatsegula kachitseko kake, kamene kamakhala kunja m'mbali mwa galimoto, n'kuyatsa. Giza wa gasi amakhala ndi kalawi kakang'ono kosazima, ndipo pakalawipo pamakhala kachitsulo konga msomali kotchedwa themokapo. Ntchito yake ndi ya ulonda. Kakamva kutentha kamalola gasi kudutsa, lawi likazima kamazizira n'kutseka gasi. Poyatsa umadina batani mpaka kachitsuloko katenthe, kenako n'kusiya. Ndinadina, lawi linayaka, nditasiya linazima. Ndinabwereza, chimodzimodzi. Nditakamasula ndi sipanala kanangoyoyoka m'manja. Mchere umene amathira m'misewu nthawi ya sinowo unali utakadya, kamutu kake katasanduka dzimbiri lobiriwira.

Tinapindula galaja yonse. Ma themokapo amene tinali nawo mazinga ake sankagwirizana, pakuti kampani yopanga magiza amenewo inali itatseka. A Stefano anaimba foni uku ndi uku mpaka munthu wina wogulitsa zipangizo ku Markham anati angathe kuitanitsa, koma tidikire, ndipo tsiku sakanalonjeza. Ndinakhala pansi patayala, mutu uli m'manja.

Reg anabwera ndi kamtengo kamene anasema ndi mpeni. Anakapanikiza pabatani paja kuti likhale lodinidwa, nayatsa, lawi n'kukhala bata. Posakhalitsa madzi anayamba kufunda. "Waona?" anatero. "Anthu amachita zimenezi m'makampu, palibe wafa amene ndikumudziwa. Masabata awiri okha, chitsulo chako chikafika uchotse. Gogoyo sadzadziwa n'komwe."

Ndisakunamizeni, mtima unalumpha ndi chimwemwe. Madzi otentha anali pomwepo, m'manja mwanga. Ndinapita kukayang'ana kwa a Stefano, koma iwo anangokweza mapewa nati galimoto anandipatsa, mutu ndi wanga. Ndinalowa mkati n'kukhala pabedi limene ndinakonzera apongozi. Bedilo linali pamwamba penipeni pa kagiza kaja. Ndinaganiza za mphepo ya kunyanja imene imawomba pakati pa nyumba ziwiri pamene ndinkafuna kuimika galimotoyo. Ikanazimitsa lawi, mlonda palibe, gasi akanangotuluka mwakachetechete pansi pa munthu wogona. Ndinatuluka, ndinazula kamtengo kaja n'kumubwezera Reg. Kenako ndinatseka gasi wopita kukagizako ndi kumanga chotsekeracho ndi waya, kuti wina asadzayese kuyatsa ine kulibe.

"Ukasambitsa apongozi ako madzi ozizira m'dziko lino?" anafunsa Reg.

"Ndikawaphitsira pambaula," ndinayankha. Ndinalankhula molimba mtima.

1976, mwezi wa Okutobala

Apongozi anafika atavala bwino, duku lili nji, jekete la mayi anu lili pamwamba pa chitenje. Pabwalo la ndege ndinagwada chapatali, moni unadutsa mwa mayi anu, ndipo pobwerera iwo anakhala kumbuyo kwa galimoto ya a Stefano akuyang'ana kunja. Ataona nyumba yawo anaizungulira, nagogoda m'mbali, nayang'ana matayala nthawi yaitali. Ine ndinali kuseri kwa mtengo, ndikusuzumira. Ndinamva akufunsa, "Usiku siyenda yokha?" Mayi anu atawatsimikizira analowa, ndipo anakonda makatani.

M'mawa uliwonse ndinkawiritsa madzi m'mapoto, kuthira m'ndowa, n'kukwera nayo masitepe, pakuti mayi anu sakanathanso kunyamula kanthu. Ndinkaika ndowa pakhomo pa motahomu, kutsokomola, n'kuthawira kuseri. Mzimayi wa nyumba yoyandikana nafe ankaima pazenera ndi kapu ya khofi kuonerera munthu wamkulu, wandevu zake, akubisala kuseri kwa bini. Sindinachite manyazi. Mlendo ndi mame, ndinkadziuza, ndipo chitsulo chifika.

Koma Lamlungu lina kunabwera amayi Tembo, mayi wa ku Chipata amene ankasamalira okalamba ku Oakville ndipo tinkapemphera nawo. Iwo ankawadziwa magalimoto amenewa chifukwa abwana awo anali nayo. Mosaganiza choipa anawauza apongozi kuti mpopi wofiirawo umatulutsa madzi otentha, ndipo anatuluka nawo kukawaonetsa kachitseko. Anapeza waya wanga uja atamangidwa zolimba.

Madzulo mayi anu anatsika masitepe nkhope ili yogwa. "Amayi akuti mwawamangira gasi ndi waya kuti asakuthereni," anatero. "Ndayesa kuwafotokozera, akuti mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake. Akuti mwana akangobadwa asamukira kwa amayi Tembo, azibwera kuno masana okha."

Ndinakwiya, ndipo ndinamva chisoni nthawi yomweyo. Apongozi kuchoka pakhomo pa mkamwini n'kukagona kwa anthu apadera, nkhani imeneyo ikanafika ku Dedza iwo asanakwere n'komwe ndege, ndipo dzina la kuumira likanandikhala mpaka kumanda. Choipitsitsa n'chakuti sindikanatha kupita kukadzifotokozera ndekha. Pakamwa ndinali napo, koma mwambo unali utapatseka. Kamtengo ka Reg ndinakaganizira sabata imeneyo kuposa mmene ndingavomerere pagulu. Wayayo sindinamasule.

Iwe Tamanda unabadwa Lachinayi m'mawa. Nditakuona ndinaiwala giza, ndinaiwala waya, ndinathamanga m'khonde la chipatala kugwira chanza aliyense, ndi munthu wokolopa yemwe. Masiku amenewo mayi akachira ankakhalako kuchipatala masiku angapo, ndiye pakhomo tinatsala awiri, ine ndi apongozi, popanda wotilankhulira. Amayi Tembo anati adzabwera Lamlungu kudzatenga katundu wawo.

Loweruka m'mawa a Stefano anaimba foni akukuwa ngati nyumba yapsa. Chitsulo chinali chitafika ku Markham, koma sitoloyo inkatseka masana. Anandibwereka pikapu yawo. Ndinayendetsa ndikuimba nyimbo zonse za kwaya zimene ndinkadziwa, ndipo munthu wa m'sitolo uja anadabwa kuona bambo akupsompsona kapepala kokutira kachitsulo kosakwana ndi chala chomwe.

Nditafika kunyumba ndinagwada pa kachitseko kaja, kunja, n'kuyamba kumasula. Apongozi anali mkati, pakati pathu pali lata lokha. Ndinagwira ntchito mwakachetechete mmene ndikanathera, koma sipanala siidziwa ulemu. Kenako ndinamva mawu, osalunjika kwa ine, ongolankhulira khoma.

"Kodi amene akugogoda nyumba ya eni ake panjapo akufuna chiyani?"

Nanenso ndinayankha khoma. "Akukonza madzi a amayi. Chitsulo chimene chinasowa chija chapezeka."

"Anthu akamamanga zinthu ndi waya amati chasowa ndi chitsulo?"

Themokapo yakale ija ndinali nayo m'thumba la ovolosi. Ndinaiika pa chipewa changa, n'kukweza chipewacho pazenera, nkhope nditayang'ana kumbali. Ndinamva chipewa chikupepuka. Ndinafotokozera khoma kuti kachitsuloko ndi mlonda, kuti moto ukazima ndiko kamatseka gasi, ndipo kuti kanali katafa ndi dzimbiri. Ndinanenanso kuti inalipo njira yoyatsira popanda mlondayo, ndipo mnzanga anandionetsa, koma bedi la amayi lili pamwamba pomwepo.

Kenako anafunsa, mawu atasintha, "Mpweya wakewo uli ngati wa mbaula ya makala m'nyumba yotseka?"

"Ndi ina nkhani koma mathero ake ndi amodzi. Uwu umaphulikanso."

Anandiuza, kudzera kukhoma lomwelo, za mng'ono wawo amene anagona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa Juni ku Dedza, mwana wake ali kunyumba ina ndi achibale, ndipo m'mawa sanadzuke. Mayi anu anali asanandiuzepo zimenezi. Ndinati pepani, iwo anati zinapita kale. Kenako anati, "Nanga akudikira chiyani okonzawo? Dzuwa likupita."

Ndinamanga kachitsulo katsopano, mazinga analowa bwinobwino ngati anabadwira pomwepo. Ndinadula waya uja, ndinatsegula gasi, ndinapaka sopo polumikizira ponse osaona thovu, ndinanunkhiza osamva kanthu. Ndinadina batani n'kuyatsa. Nditasiya, lawi linakhala chilili, labuluu, lowongoka. Kuti ndikhutire ndinalizimitsa dala ndi mpweya wa pakamwa, n'kutchera khutu. Patapita kanthawi ndinamva kuti tha, mlonda watseka. Ndinakuwa ndekha pamsewu wa azungu, "Wagwira!" Ndinayatsanso, moto waukulu unabangula, ndipo tinadikira, iwo mkati ine kunja. Pamapeto pake ndinapempha khoma kuti lipotokole mpopi wofiira.

Ndinamva madzi akugwera m'beseni. Kenako, "Mayo! Akuwotcha!" Ndiyeno nthungululu, yeniyeni ya ku Dedza, yaitali, mpaka mzimayi wa khofi uja anatulukira pakhomo pake.

Madzulo ake ndili m'chipinda chathu chapansi ndinamva kutsokomola pamwamba pa masitepe. Nditasuzumira ndinapeza mbale yovundikira. M'menemo munali nkhuku yathunthu yophika bwino. Inali nkhuku yanga yomwe ya m'firiji, imene anaitenga ine ndili ku Markham kuti aphikire mayi anu kuchipatala, koma anasintha maganizo. Iwo anali ataima chapatali, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatembenukire kumbali, analankhula ndi ine mwachindunji. "Kwathu ikanakhala yamoyo, ndipo pakanakhala ankhoswe," anatero. "Kuno tichita ndi zimene zilipo. A Mbewe, tengani mbaleyo mubwere nayo, tikadyere m'nyumba munamanga ija."

Ndinakwera masitepe aja n'kunyamula mbaleyo, ndipo ndinadya nkhuku imeneyo misozi ili m'maso, iwo akundinena kuti ndimadya pang'ono ngati wodwala. Amayi Tembo atabwera Lamlungu anapeza katundu ali m'malo mwake, anamwa tiyi n'kubwerera okha. Iwe Tamanda utatuluka kuchipatala, madzi ako oyamba osamba pakhomo anachokera mu mpopi wofiira umenewo, agogo ako akuyesa kutentha kwake ndi chigongono.

Ndinagwira ntchito kwa a Stefano mpaka pamene anapuma, ndipo ma themokapo amene ndinasintha sindingawawerenge. Reg sanasiye kundiseka, koma kamtengo kake sindinakaonenso m'galaja. Kachitsulo kakale kaja apongozi anakasunga m'kathumba ka mipango nthawi yonse imene anakhala nafe, ndipo anandibwezera pabwalo la ndege, m'manja mwanga mwenimweni, chisanu chisanafike poipa. Ndi kamene kali m'kabatimo.

Patapita miyezi mlamu wanga anatiuza zimene zinachitika atafika kumudzi. Anthu anasonkhana kudzamva za ku Canada, ndipo wina, pofuna kuwaputa, anafunsa ngati mkamwini wopanda khola uja akadali moyo. Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mkamwini wanga anamanga nyumba, ndipo ndagonamo ine," anatero. "Madzi ake otentha, mlonda wake sagona. Vuto lake ndi limodzi lokha, ili ndi matayala."